Funso Lomwe Ndinalembera Esinati

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Bangula, amayi ogulitsa nsomba amakuwa kuti "Operekeza aja akudutsa!" ndipo ine ndimangoyang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. Lekani ndikuuzeni mmene dzinali linabwerera.

Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena kakang'ono. Bwana wathu, Mayi Semba, anandiuza kuti ndikonze mafunso a pa intaneti ofufuza mmene anthu kuno amayendera. Mafunso otere ali ndi kayendedwe kake. Munthu akayankha kuti amakwera kabaza, usamufunse za bwato. Akati ngolo, mubwere mafunso a ng'ombe ndi matope. Palinso kabatani kosakaniza, kamene kamatola mafunso ochepa ngati maere n'kupatsa aliyense ake, kuti anthu asatope.

Unali mwezi wa Okutobala. Fani ya muofesi inkangozunguza mpweya wotentha, ndipo maganizo anga anali atapita kale kumtsinje. Ndinkaona Shire ali phee, namasupuni akuyandama, ine ndili m'bwato, pambali panga pali Esinati atagwira ambulera. Esinatiyu ndi mphunzitsi amene amawoloka m'mawa uliwonse kukaphunzitsa tsidya lina. Kwa miyezi yambiri ndinkangomupatsa moni (ndipo nthawi zina moniwo unkatuluka iye atadutsa kale).

Ndiye nzeru inandibwerera. Ndinalemba funso lina lapadera, n'kulimangira mpanda: lionekere kokha kwa munthu amene wayankha kuti ndi wamkazi, ndi mphunzitsi, ndipo amawoloka pa bwato tsiku lililonse. Woteroyo ndinkadziwa mmodzi yekha. Funsolo linkati: "Kodi mungalole ndikuperekezeni kuwoloka Loweruka lino m'mawa? Mundipeza padoko nditavala malaya obiriwira."

Ndinaliwerenga, ndinamwetulira ndekha, kenaka ndikulotabe choncho ndinalikokera m'gulu la mafunso osakaniza. Kabatani kaja sikadziwa mpanda, kamangotola. Ine osazindikira, ndinatumiza linki m'magulu onse a pa foni: a mpingo, a alimi, a kabaza, dera lonse la Mbenje.

Loweruka ndinafika padoko malaya atasitidwa bwino. Mphepo inkawomba pang'ono, ndipo ndinkayeserera chamumtima mawu oyamba. Ndinangomva wina wandigwira pamkono.

"Ndinu a malaya obiriwira?"

Anali mayi wina wa thupi ndithu, atakoka mbuzi ziwiri. Anati dzina lawo ndi a Nyamizinga.

"Takhuta, mwana wanga," anathokoza m'Chisena. "Mbuzizi zimavuta m'bwato. Nditaona pa foni kuti mabungwe ayamba kuperekeza anthu, ndinati Mulungu wamva."

Ndisanatsegule pakamwa, anatulukira a Alufandika, mkulu wa mpingo wathu, akukankha njinga yonyamula matumba a mbewu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Kani ndi iwe? Wachita bwino, utumiki umenewu ndi wosowa masiku ano. Gwira apa."

Pambuyo pawo panabwera ena, aliyense ndi katundu wake, onse akufunafuna malaya obiriwira. Ndikanati chiyani? Kuti funsolo silinali lanu, linali lofunsira mbeta? Pamaso pa mkulu wa mpingo? Ndinangogwira chingwe cha mbuzi.

Tinawoloka. Mtsinje unali wokongola ndithu monga ndinaulotera, kungoti pamiyendo panga panali mbuzi, ndipo inzake inkatafuna kolala ya malaya anga. Pakati pa mtsinje ya pamiyendo ija inachita mantha, n'kundisiyira zimene mbuzi zimasiya (sindifotokoza, ena mukudya).

Titakocheza tsidya lina, pa anthu odikira bwato panali Esinati. Anagona kwa mnzake ndipo ankabwerera kwawo. Ambulera anali nayo, yomweyo ya m'maloto anga.

A Nyamizinga ndiwo anayamba kulengeza. "Aphunzitsi, simunalandire inu? Bambowa akuperekeza anthu ulere!"

Anamuonetsa funsolo pa foni, poti analijambula. Esinati analiwerenga, anayang'ana malaya anga, anayang'ananso thalauza, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zonse.

"Ine silinandipeze," anatero. "Anangondifunsa ngati ndimaopa kwambiri ng'ona kapena mvuu."

"Linali lanu," ndinanong'ona.

"Ndadziwa. Koma pakamwa muli napo, achimwene. Mukanandifunsa ndikanakuyankhani."

Apa ndiye panali pofunsira. Ndinakoka mpweya, koma a Alufandika anali atandisenzetsa kale thumba pamutu. "Tiye, kumunda n'kutali." Ndinacheuka kamodzi, n'kuona bwato likuchoka, ambulera ija ikuchepa pang'onopang'ono pamadzi.

Lolemba Mayi Semba anandiitana. Nawonso maere anawagwera.

"Ine ndinayankha kuti ayi, ndili pabanja," anatero osaseka. "Koma amuna anga linawapezanso, ndipo anayankha kuti inde. Akufunsa kuti Loweruka likubwerali muliponso?"

Ntchito sanandichotse. Anangolamula kuti mafunso anga onse aziyamba awaona iwo, ndipo ndinalonjeza kuti za mtima sindidzazipatsanso makina.

Esinati sindinamufunsebe. Ndikamuona, ndimangomupatsa moni ngati kale. Koma mwezi uno atipatsa kafukufuku wa madzi akumwa, ndipo mjigo umene Esinati amatunga ndikuudziwa. Ulendo uno kabatani kosakaniza ndikasamala.