Chitsulo Chinandibwereka Mano

Usiku watha ndinalota zondiwawa mumtima, anzanga, tasiyani kaye bawoyo ndipo musandiseke. Mukudziwa kuti mkazi wanga Nangondo ndinamutenga chitengwa, kumuchotsa kwawo ku Linthipe, kumadzi, kudzamukhazika pathanthwe pano, ndipo msana wake watha ndi ndowa. Atsibweni ake ananenetsa kuti mjigo ukakanikanso ulendo uno mwana wawo abwerere, ndipo dzulo nonse munaona okumba aja akupakira mapaipi awo, madzi osawapeza.

Ndiye ndikulota kwabwera chigalimoto china chokumba mjigo, osati chadzulo chija ayi, chatsopano chonyezimira, chaima pakhomo panga penipeni dzuwa lili paliwombo. Akutsika bwana wa zamadzi wa kuboma, tayi pakhosi, akuti, "Makina awa ndi amakono. Amamenya ndi mpweya kwinaku akutafuna, mwala kwa iwo ndi mbatata yophika." Tikuwomba m'manja, mwadzidzidzi bwana uja wasanduka ng'azi, tayi ili pomwepo, wakwera pathanthwe n'kumaothera dzuwa. Khansala naye poti athokoze wasanduka nkhanga, liwiro kulowa kutchire, zolankhula zake zatsala zikulankhula zokha pampando.

Ndiye chitsulo chobowolera chija chikundikodola. "A Chikadza, tabwerani kuno."

Ine ndikuti, "Wawa!" Tangoganizani, munthu wamkulu ngati ine kuvulira chitsulo chipewa.

Chikuti, "Mano anga apita kumsonkhano kuboma. Tandibwerekani anuwo."

Ndikuyang'ana Nangondo, wakhala pandowa yovundikira, dzanja kumsana, sakundiyang'ana n'komwe. Basi ndawachotsa onse ngati ndikutong'ola chimanga, ndawapereka ndi manja awiri.

Chayamba, gu gu gu, nthaka njenjenje, fumbi koboo, tonse tatuwa ngati tachokera kuchigayo. Ndiye thanthwe likuseka, likuti, "Iii, mukundigirigisha! Mukufuna chiyani kodi?" Chitsulo chikuti, "Madzi." Thanthwe likuti, "Madzi? Anadutsa pano kalekale, amafunsa njira ya ku Linthipe."

Mapaipi akungolowa, akungolowa, mwadzidzidzi m'dzenjemo mwayamba kutuluka nkhata, zija amayi amasenzera ndowa, zakale ndi zatsopano, zouma gwa, nkhata zokhazokha mpaka mulu kupitirira denga. Amayi a m'mudzi muno akusankha, wina akuti, "Iyi ndi ya malemu mayi anga," akulira popanda misozi chifukwa nayo misozi inaphwa.

Ndiye dzenje lija lakula ngati khomo. Ndikusuzumira, ha, pansi pake mtsinje wa Linthipe ukuyenda bwinobwino, atsibweni aja ali m'mphepete akutsuka njinga, madzi kumangotaya. Akweza mutu, akukodola ndi chala. Nangondo wadzuka, msana woongoka ngati tsiku lija ndinamuona koyamba, wagwira paipi, wayamba kutsika. Ndinachita mantha, anzanga, mantha enieni.

Ndikuti ndikuwe kuti dikira mayi, madzi awo apezeka, tiwakokera kuno, koma m'kamwa mopanda mano mukungotuluka mpweya ndi fumbi. Mwadzidzidzi chitsulo chija chayankhula ndi mawu anga enieni, mano anga akung'anima kunsonga kwake, chikuti, "Pita bwino Nangondo, wavutika mokwanira."

Iye wayankha ali pansi, "Zikomo bambo, mwanena zoona."

Ng'azi ija yatsegula diso limodzi, ikuti, "Ntchito yatheka. Mwala taubowola, omberani m'manja." Anthu akuwombadi, ine ndagwada pakamwa pa dzenje, ndikulozetsa dzanja pansi, ndikungogwira mdima, ndiye penapake patali pakulira kanthu, ngiri ngiri, ngiri ngiri.

Kudzidzimuka, kunja kwayera, ndili ndekha pamphasa. Linali belu la njinga ya kabaza, pakhomo panga. Ine kabaza sindinaitane.