Zala za Azakhali a Nachisale

Amene akukayika apite ku Area 3 akadzionere yekha, chifukwa ine ndakulira m'mabuku ndipo nkhani zothira mchere sindigwirizana nazo.

Azakhali anga a Nachisale anagwira ntchito yotayipa m'maofesi a boma ku City Centre mpaka imvi zitamera. Sitiroko itawagwira inawalanda pakamwa. Mawu ankatuluka ophwanyika, ife n'kumangoti "eya, eya" tisanamve kanthu, iwo n'kutembenukira kukhoma. Koma tsiku lina ndinaona zala zawo zikuyenda pabondo ngati pali makina. Ndinati basi, azakhali akadali ndi polankhulira.

Foni sikanathandiza, tizilembo take n'tating'ono. Choncho ndinatsikira ku Old Town, thumba lili lopepuka, kukasaka laputopu yakaunjika. Anyamata a m'mashopu anandizinga.

"Bwana, tengani iyi, yamagemu! Iyi ndiye yopyapyala ngati pepala!"

Ndinawauza kuti liwiro ndilibe nalo ntchito. Ndinkafuna mabatani olimba, galasi lalikulu ndi batire losafa magetsi akazima. Kenako ndinapinda malaya n'kuyamba kuyesa malaputopuwo powamenya mmene azakhali ankamenyera makina awo otayipira achitsulo aja. Mukumva? Yoyamba nditaigunda, batani limodzi linauluka n'kudutsa pamwamba pa msika wonse, n'kukagwera m'dengu la mayi wa tomato, amene analigulitsa pamodzi ndi mulu. Yachiwiri inafwamphuka n'kusanduka chiwaya, mnyamata wa tchipisi n'kuigula pomwepo isanazizire. Yachitatu itangoona zala zanga inadzitseka yokha n'kukabisala pansi pa kauntala, ndipo phokoso lonselo linachititsa kuti maminibasi a padepoti anyamuke opanda anthu, pamene antchito a m'nyumba za ku Area 9 ankathamangira kukaanula zovala poganiza kuti kukubwera matalala. Sindikuwonjezera ayi. Ndachotsako zina kuopa kuti mungandiyese wabodza.

Yomaliza ndinaipeza pansi, ikutchinjiriza chitseko cha shopu kuti mphepo isachitseke. Inali yakuda, yonenepa, yolemera ngati mwala wa mphero. Ndinaimenya mpaka thukuta linanyowetsa masokosi, iyo ili phee. Mtengo wake wogulitsayo anachita kundinong'oneza chifukwa cha manyazi.

Kunyumba ndinakulitsa zilembo, n'kuiika pakatebulo patsogolo pawo. Ndinati, "Azakhali, makina anu awa. Menyani mmene mungathere, sangasweke."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa zala nazo zikanakana ndiye kuti tikanakhala chete mpaka kalekale.

Apa ndiye pondivuta kunena. Sanaimenye. Dzanja lamanja linali lofooka, lamanzere n'kumalithandiza, ndipo mabatani aja ankangowakhudza pang'onopang'ono ngati akusisita mutu wa khanda. Ngakhale ija yopyapyala ngati pepala ikanapirira. Msika wonse ndinausokoneza pachabe.

Zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, popanda cholakwika n'chimodzi chomwe.

"Iwe Yohane, tiyi wako sakhala ndi shuga. Ndakhala ndikukuuza."

Ndinaseka, misozi ili m'masaya, n'kudzuka kuti ndithamangire kukhitchini. Anandikoka malaya, zala n'kubwerera pamabatani.

"Khala pansi kaye. Ndili ndi zambiri."