Kampando ka ku Sizanga

Kuseri kwa mapiri amene simunawakwerepo kuli dziko lotchedwa Sizanga. Anthu ake ndi opemphera kwabasi, mawondo anachita kuda ndi kugwada, koma ali ndi mwambo wawowawo. Akawerenga fanizo m'Buku tsiku la Sabata, palibe amene amati likunena ine. Amanyamula kampando ka mlombwa, nyimbo ili pakamwa, n'kukakasiya pakhomo pa munthu amene agwirizana kuti fanizolo ndi lake. Lamulo limati wolandira kampando achite zimene fanizo lanena, ndipo akakhalapo palibe womuchotsa. Kampandoko kanazolowera makomo a anthu osauka. Khomo la magalasi sikanalionepo.

Wolamula dzikolo, yemwenso ankasunga Buku ndi kuweruza milandu, anali Wolemekezeka Mezazonse, munthu wa mawu ofewa ngati nthochi yakupsa. M'dziko lomwelo munali Mayi Sagonja. Mwamuna wake atamwalira, mlamu wake Tolani anabwera dothi la pamanda lisanaume, nasasula malata onse padenga. Ena anafolera nyumba yake, ena anakapereka kwa Wolemekezeka monga chothokoza, iwo nafolera khola la mbuzi. Mayiyo atakadandaula anamuuza kuti abwere mawa, ndipo mawa linabereka mawa linzake. Uku mitambo inali itayamba kuda, ana ake akukhala m'nyumba yopanda denga.

Sabata lina anawerenga za mkazi wamasiye amene anavutitsa woweruza wosaopa Mulungu kapena munthu, mpaka woweruzayo anatopa namuweruzira mlandu wake. Wolemekezeka anatseka Buku mwaulemu nati, "Abale okondedwa, fanizo ili n'lakuya. Woweruza wotereyu kuno kulibe, anali wa maiko akale. Watsala ndi wamasiyeyo. Akuphunzitsidwa kupemphera chamumtima, m'nyumba mwake, osatopa ndiponso osasokosa." Mpingo unavomera Ameni, mawu a Tolani ali pamwamba pa onse, ndipo amene anasenza kampando kupita nako kwa Mayi Sagonja anali iyeyo.

Mayi Sagonja anakalandira ndi manja awiri. "Zikomo alamu, mwandikumbukira," anatero. "Kupemphera m'nyumba muja n'kosavutadi masiku ano, munanditsekulira kumwamba, pemphero silichedwa panjira. Koma ndinamva ndi makutu angawa. Mayi wa m'fanizo uja sanakhale m'nyumba. Ankapita."

Kutacha anasenza kampando pamutu, nakakhala pakhomo la magalasi la Wolemekezeka. Sanalalate, sanalire. Mkuluyo akatuluka, iye ankaomba m'manja mwaulemu n'kufunsa, "Mwadzuka bwanji, Wolemekezeka? Nanga mbuzi zadzuka bwanji pansi pa malata anga?" Alendo akabwera ankawalonjera, n'kuwalozera khola. Alonda ankangomuyang'ana, poti wokhala pa kampando sakhudzidwa.

"Mayi," anatero Wolemekezeka tsiku lina, "Buku simukulimvetsa. Fanizo salitenga ndi miyendo, amalitenga ndi mtima."

"Mtima wanga ulibe miyendo ina, bambo," anayankha. "Umayendera yomweyi."

Mvula inagwa. Ana anawasiya kwa mnansi, iye nakhala pomwepo, madzi akutsika m'duku. Amasiye ena anayamba kumubweretsera phala, ndipo akabweretsa sankabwerera, ankayala zitenje pansi n'kukhala naye. Wolemekezeka anayamba kutulukira khomo lakuseri. Mayiyo anangosuntha kampando pang'ono, pangodya poonekera makomo onse awiri. Mkuluyo chakudya chinaleka kutsika, lamba anayamba kumuboola mabowo ena.

Sabata linzake mpingo unabwera kudzatenga kampando kuti kakagwire ntchito ya fanizo lina. Mayi Sagonja sananyamuke, nyimbo inazilala yokha. Apo Wolemekezeka anatuluka, nkhope itagwa, nakweza dzanja.

"Abale, malata a mayiyu abwerere lero, a pakhola ndi a kwa Tolani omwe, ndipo a Tolani akakhome okha. Koma mumve bwino. Musayese kuti ndaopa munthu, kapena kuti ndaopa Wakumwamba. Ayi. Ndangotopa naye, angandithere moyo ndi kubwerabwera kwakeku."

Anadikira Ameni. Anthu anangoyang'anana, poti mawu amenewo anali atawamvapo, ndipo wowawerengera anali yemweyo.

Mayi Sagonja ananyamuka pang'onopang'ono, msana ukulira. Anapukuta kampando ndi nsonga ya chitenje, nakaika bwinobwino pakhomo la magalasi, pafupi ndi nsapato za Wolemekezeka. Kenako anaomba m'manja, nanyamuka kukatenga ana ake.

Palibe anawerama kuti akachotsepo.