Mlatho wa Che Taimani

Lolemba
Nzeru yandibwerera ndikutsuka mbale! Che Taimani, a sajeni, apolisi athu apamsewu aja, apuma ntchito, Lamulungu akubwerera kwawo ku Namwera. Ndi iwo anatiwolotsa pamsana mmodzimmodzi madzi atasefukira, ine ndili Sitandade 4. Ndiye kamlatho katsopano ka kumsika katchedwe dzina lawo, aone okha asanapite. Zofunika: thabwa, penti, riboni, sizasi ya amayi (asadziwe).

Lachiwiri
Akomiti ya msika avomera. Lavuta ndi tsiku. Lachisanu anthu ali kumzikiti, Lamulungu ena kutchalitchi. Loweruka basi. Riboni kulibe, anti andipatsa mpendero wa chitenje chakale.

Lachitatu
Ndalemba ndekha, zilembo zofiira. Thabwa lachepa, ndiye MLATHO WA CHE ndapanikiza pamwamba ting'onoting'ono, TAIMANI yatenga malo onse. Ndakhoma. Kukongola kwake!

Lachinayi
Chisokonezo. Akabaza akufika pamlatho, kuwerenga, kuima. Ena akutsitsa pasinjala wachiwiri, ena akutembenuka kukadutsa m'madzi. Mayi wina wausipa wandikalipira: "Tiime mpaka liti? Nsomba zikuwola kuno."

Lachisanu
Tsiku lonse ndikufotokozera anthu kuti ndi dzina la munthu. Amalume potuluka kumzikiti andiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, sukulu yonse ija? Taimani si dzina. Ndi zimene ankakuwa pamsewu." Ndafunsa dzina lenileni. Amalume sakudziwa. Akomiti sakudziwa. Amayi akuti, "Si Che Taimani?"

Loweruka
Mwambo: anthu ochepa, mbuzi ziwiri, sizasi yobuntha. Che Taimani abwera atavala jekete, nsapato zili waliwali. Awerenga thabwa, aseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonsezi palibe anandifunsapo," akutero. "Ndine Saidi Mkwanda." Chitenje chakana kuduka, angomasula mfundo ndi manja. Andigwira paphewa: "Iwe ndiwe unkandikoka makutu m'madzi muja eti?" Ndine ndithu. Manyazi.

Lamulungu
Ndalawirira, ndafuta, ndalemba bwinobwino, zilembo zazing'ono zofanana: MLATHO WA SAJENI SAIDI MKWANDA. Ndathamangira kunyumba kwawo penti isanaume. Pachitseko pali loko. Aneba akuti lole yawo yanyamuka anthu akuchokera kumzikiti, kuswala ya m'mawa.

Pamlatho tsopano anthu akungodutsa. Wakabaza mmodzi yekha wachepetsa liwiro, wawerenga, wandifunsa: "Aise, Mkwanda ameneyu ndi ndani?" Ndayamba kufotokoza, koma iye wapita kale, ali ndi pasinjala.