Sokosi ya a Chisale yalankhula

Lolemba

Kope ili ndi la mdzukulu wanga Tadala. Masamu anamukanika, masamba atsala ambiri.

Lero kuchipatala kuno ku Kawale ndaona zodabwitsa. Ndapita kukatenga mankhwala a abambo akunyumba. Namwino wathu, a NyaGondwe, avala sokosi kudzanja, abisala kuseri kwa chitenje, sokosi nkuyamba kudandaula za matenda a shuga. Sokosi! Ife amayi akuluakulu misozi chuchuchu, kulirira chovala cha kuphazi.

Ati Loweruka banja lililonse la wodwala matenda amgonagona libwere ndi chidole chake, lidzaonetse mmene likukhalira.

A Chisale anga, telala wa pakhonde la golosale zaka makumi atatu, sitiroko inawapha mbali yakumanja. Mvula ziwiri zadutsa osatuluka mumpanda. Manyazi. Mawu anawatsalira atatu: iyayi, madzi, basi.

Pulani yanga nayi. Chidole chokongola, dzina Bambo Nyonga. Adwala, apemphera, achira, avina. A Chisale akaona alimba mtima, Loweruka atuluka. Wolankhula ndine, nanga pakamwa pangapa Mulungu anandipatsira chiyani?

Zofunika: sokosi ya pakaunjika, mabatani awiri, thonje la mupilo, kuleza mtima (ndikabwereka).

Lachiwiri

Kusoka! Zaka zonsezi ndakhala ndi telala koma singano sitidziwana. Chala ndabaya kanayi.

Bambo Nyonga diso lina lili pamphumi, lina likuyang'ana ku Biwi. AnaPhiri oyandikana nafe asuzumira pampanda: "Mwayamba kukhwima kodi, anaBanda?" Iwowo pakamwa ngati chitseko cha minibasi, sichitsekeka.

A Chisale ali pampando wawo pansi pa mpapaya, maso pa msoko wanga. Ndibaya: "Iyayi." Ndibayanso: "Iyayi." Ndafika nawo pa iyayi wa makumi awiri ndi atatu, ndaleka kuwerenga.

Koma chidwalireni sanayang'anepo chinthu nthawi yaitali chonchi.

Lachitatu

Kuyeserera. Chitenje pachingwe choyanikira zovala, ine kuseri. Ana a sukulu yaulere yapafupi apa aweruka msanga, adzaza pabwalo. Nkhani ikuyenda bwino, mawu anga ngati a pawailesi. Ndifika pochira paja, Bambo Nyonga akweza manja kuthokoza Mulungu, mkono wakumanja thotho! Nkhuku ya anaPhiri yautola, liwiro. Ndailanda kuseri kwa bafa. Ana akugubuduka ndi phwete.

Masana ndikuchokera kumpope. Chidole chili pamiyendo pa a Chisale, achipana ndi mawondo, lezala kudzanja lamanzere, akuphwasula msoko wanga wonse. Ntchito ya masiku awiri! Ndisanatsegule pakamwa, iwo:

"U... ulusi."

Ndowa ili pamutu, ine chilili, madzi akutsikira kumsana. Mawu achinayi! Mvula ziwiri ndawapempherera, ndawaphikira, ndawakalipira, osatuluka. Atulutsidwa ndi kusoka kwanga koipa.

Lachinayi

Ndatsitsidwa paudindo. Ntchito yanga tsopano: kulowetsa ulusi m'singano, kugwira nsalu, kulandira iyayi.

Koma dzanja lamanzerelo, mayo ine! Msoko wake ngati mzere wa nyerere. Dzanja lomwe silinasokepo chibadwire, likudziwa bwanji?

Abwezera mkono uja. Ndiwapatsa thonje, akankha. Mkono wopanda kanthu mkati, lende. Kenako abaya pakona pa kamwa la chidole, akoka ulusi kamodzi, kamwa pindike. Ndati abambo, mwachiononga, chivina bwanji chotere? Achinyamula, achiyandikiza patsaya pawo. Nkhope ziwiri, kupindika kumodzi.

Ndapita kukayang'ana nyemba pamoto. Nyemba zinalibe vuto.

Sewero la kuchira lafa. Mawu onse ndinaloweza aja ndikapatse nkhuku.

Lachisanu

Avala chidole kudzanja. Palibe chitenje, palibe ana, ndili ndekha pamkeka. Chidole chiyesa kunyamula kapu, itayika. Chiyesa batani la malaya, likana, chiyesanso, chiluma batanilo ndi ukali. Chimva kugogoda, chibisa nkhope m'khwapa mwawo. Mawu ayi. Ine wosamba munthuyu tsiku ndi tsiku, zimenezi ndikuziona lero.

Kenako aloza chingwe choyanikira. Afuna sokosi inzake ija.

Tasoka chachiwiri. Duku la chitenje changa chakale, mphuno yanga, ndipo kamwa adula kuchokera kuchala mpaka kuchidendene. AnaPhiri pampanda: "Ii, koma afanana!" Palibe anawafunsa.

Andiveka kudzanja langa. Andiphunzitsa ndi manja: chawo chikangotsegula pakamwa kuti chiyankhe, changa chilowerere. Tayesa katatu. Kachitatu ndazindikira. Alendo akabwera amafunsa ine, "Ali bwanji abambo?" iwo ali pompo, ine nkuyankha mpaka tiyi azizira. Ndinkati ndikuwathandiza.

Za mawa sindinafunse. Ndikuopa iyayi.

Loweruka

Mmawa ndapeza atakhala pabedi, jekete pamiyendo, nsapato imodzi avala kale.

Atuluka! Ndodo kumanzere, ine kumanja, zidole mujumbo. Njira ya mphindi khumi taiyenda ola lathunthu. Wometa waimitsa lumo m'mutu mwa munthu. A Yusufu, anzawo osoka nawo pakhonde kale, avula chipewa, angotitsatira pambuyo mpaka kuchipatala.

M'holo mwadzaza: a ndodo, a njinga za olumala, a khunyu, a chifuwa chosatha. Zidole za ena zokongola, zina za mikanda. Zathu zomaliza.

A NyaGondwe afunsa chidole cha a Chisale: "Muli bwanji, abambo?" Changa chilumphira: agona bwino, adya phala, dzulo chimbudzi chavuta, mankhwala akukana, ine ndatopa, msana wanga, nkhuku za anaPhiri... Holo yonse kuseka mpaka kutsokomola. Amayi ena akubisa nkhope, adzizindikira. Ine ndatenthedwa, ndikuonjezera zanga. Mwadzidzidzi chidole cha a Chisale chiluma kamwa la changa, gwi! Izi sitinayeserere.

Zii.

Ndikumva kupuma kwawo kuseri kwa chitenje, thukuta likutsika. Lilime likundiyabwa, yankho lili pamlomo. Ndaluma duku. Tadikira. Holo yonse yadikira, ngakhale makanda.

"Ndi... lipo. Kaya... inu?"

Bambo wina wa pa njinga, wa ku Chilinde, wayankha mokweza: "Tiliponso, achimwene!" Kenako onse, mmodzimmodzi, tilipo, tilipo. Ine nthano ndanena chiyambire utsikana wanga, anthu kundiombera m'manja kuzinkhoswe ndi kumaliro komwe. Sindinakhalitsepo anthu chete chomwecho. Mawu atatu!

Lamulungu

Bambo Nyonga sanachire, sanavine. A Chisale sanachire. Mkono uli lende monga kale, phala latayikanso pamalaya.

Kutuluka m'tchalitchi amayi atatu atiperekeza kunyumba. "Ali bwanji abambo?" Ndati afunseni, si awo? Yankho latenga nthawi, ndiwo zapserera. Ndazisiya zipserere.

Mabanja anayi akufuna zidole: china cha mwendo umodzi, china chogwa khunyu nkudzukanso. Telala wavomera ndi mutu. Wogwira nsalu sanafunsidwe.

AnaPhiri ati ndinasewera bwino chifukwa sindinasewere, ndinangokhala mmene ndilili. Ndawakhululukira, lero ndi Lamulungu.

Mawu a a Chisale afika asanu ndi atatu tsopano. Lomalizali alipeza masana ano ndikuwafotokozera za ulaliki. Ndi "chete". Likutuluka bwinobwino, lopanda chibwibwi.