Kwa Eni Atsopano a Nthano Yanga

Golomoti,
Dedza.

Kwa Mkulu wa Kampani ya Mbiya Zisanu,
Osindikiza masewero a "Ufumu wa Zigwa."

Bwana wolemekezeka,

Shadreck, wantchito wanu wa nsapato zosongoka uja, ndiye wandilembetsa kalatayi. Ndailemba nditagwada, ndiye ngati zilembo zapendama mundikhululukire.

Simungandidziwe, poti njovu siwerenga nyerere. Ndine mtsikana wamba wa Fomu 4, ndimagulitsa mpunga pamsika. Loweruka masana timakumana anthu asanu ndi awiri pakhonde la telala kusewera masewero anu aja. Aliyense amakhala munthu wa m'nthano, ine ndimafotokoza zomwe zawagwera, iwo amasankha chochita, dayisi, kachinthu ka manambala komwe timaponya, n'kugamula ngati zatheka. Titamaliza nthano zitatu za m'buku mwanu, ndinapeka yangayanga m'kope. Ndi ya Nachisale, mayi wolondera chitseko cha ngalande, ndi munthu wina amene amaba madzi tsiku lisali lake, mpunga wa anzake n'kumauma.

Shadreck anabwera mu Meyi, akuti kudzamva maganizo a makasitomala. Tinampatsa mpando wokhawo wotsamira. Anaseka, anaomba m'manja, kenako anajambula kope langa pafoni tsamba ndi tsamba, akuti abwana akaone kuti kumudzi kulinso luso. Zoonadi munaona. Ndiloleni tsono ndithokoze mwadongosolo.

1. Zikomo posindikiza nthano yanga. Pepala lake see, fungo ngati sopo wa m'tauni. Dzina lanu ndalipeza katatu, la Shadreck kawiri, ngakhale dalaivala wanu mwamuthokoza. Langa ndafufuza mpaka kuseri kwa chikuto, zii. Ndamvetsa bwana, dzina lonunkha utsi likanadetsa pepala.

2. Zikomo pomukonza Nachisale. Ine ndinampeka ali mayi wa ana asanu, zidendene zong'aluka, mawu omveka mpaka tsidya la dambo. Inu mwamuchotsera zaka makumi awiri ndi chitenje chomwe, mwamusiyira kansalu kosakwana n'kupukutira mphuno komwe, ali misozi chuchuchu kudikira mwamuna wa lupanga. Mayi Chimwemwe, amene amasewera Nachisale, ataona chithunzicho anangoti mwana ameneyu akalowa m'munda chonchi misundu imutha.

3. Wakuba madzi mwamusandutsa chinjoka cha mitu itatu. Apa ndiye mwatipulumutsa. Kwathu kuno wakuba madzi amakhala mlamu wako, mumakhala naye benchi imodzi kutchalitchi, ndipo kukoma kwa nthano kunali pomwepo: umugwira bwanji popanda kupasula banja la mchemwali wako? Chinjoka n'chosavuta. Ungochibaya basi, chilibe ankhoswe.

4. Patsamba 12 mwajambula mpunga uli pamizere ngati chimanga, mlimi akuudula ndi nkhwangwa. Ndinakaonetsa alimi anzanga ku Bwanje kuti nawonso atukuke. A Ezekiele anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati wojambulayo mpunga amaudya kapena amangoumvera pawailesi.

5. Koposa zonse ndikuthokoza kalata ya loya wanu. Chibadwire sindinalandirepo kalata ya zidindo ziwiri. Akuti ndisaseweretsenso nthano ya Nachisale popanda buku lanu latsopano, ndipo nthano iliyonse yopekedwa ndi dayisi wanu ndi katundu wa kampani. Pepani pofunsa, ndife osaphunzira: dayisi wanu anasweka mwezi woyamba womwewo. Amene timaponya anasema a Gidiyoni a ku Mua ndi mlombwa, mbali zake makumi awiri, zofanana ndendende. Kodi nayenso ndi wanu? Nanga mtengowo?

Kalatayo yagwira ntchito, mutha kumukweza loyayo. Telala ataona zidindo anatichotsa pakhonde, akuti makina ake sakufuna kukawawombola kupolisi. Anzathu awiri asiya kubwera. Gulu lomwe ndinalisonkhanitsa zaka ziwiri, ndikunyozedwa kuti ndine mtsikana wa njuga, likutha ngati mchere m'madzi chifukwa cha nthano yochoka m'mutu mwanga momwe.

Tsono dzana Shadreck wandiimbira foni. Mawu ofewa ngati nthochi yakupsa, achemwali apa, achemwali apo. Akuti mwalonjeza makasitomala buku lachiwiri la Nachisale pofika Khirisimasi, koma kope lija linathera pomwe Nachisale wapeza mapazi m'matope. Ndiye akufuna ndimutumizire mathero, akuti adzandiganizira.

Ndinaseka mpaka makasitomala anga anaona ngati ndagwidwa mizimu. Bwana, kodi mumagulitsa masewero omwe simunawasewerepo? Mathero sakhala m'kope. Ngakhale ine sindikuwadziwa. Amatuluka pomwe Mayi Chimwemwe aluma mlomo, a Jailosi, osewera anzathu, akukuwa kuti tiyeni tingomukhululukira, dayisi n'kugubuduka pamphasa. Anthu amenewo ndi omwe mwawabalalitsa. Mwathyola dzungu n'kuzula ndi mizu yomwe, lero mukufunsa kuti lina libereka liti.

Pempho langa ndi laling'ono, lolingana ndi msinkhu wanga. Loweruka lino otsalafe tikumana pansi pa mtengo wa mango kwa Mayi Chimwemwe, nthawi ya 2 koloko. Loya wanu muuzeni, asavutike n'kufufuza. Ngati mathero mukuwafunadi, musatume munthu. Bwerani nokha, mukatsika minibasi funsani kwa mtsikana wa njuga, akulozerani. Foni mudzaisiya m'dengu, mudzakhala pamphasa ngati wina aliyense. Amene ankasewera mlamu wakuba uja ndi mmodzi mwa othawa, malo ake ali pululu. Mudzawatenge inu bwana. Sitidzataya nthawi n'kukuphunzitsani.

Za nkhaniyi ndatseka pakamwa, simudzandimvanso. Koma kukhululuka kokha musakudikire pa siteji, sikunanyamuke.

Ine wanu wogwada,

Bertha Ignasio,
Wopeka nthano zanu.