Funso Langa kwa a Nduna

Lolemba
Mayunitsi a magetsi akweranso. Filiji yanga ikudya kuposa ana. Koma ndi mmene ndimaumitsira mafilizesi ogulitsa pa siteji, ndipo ikazima, fizi ya mwana wanga Tadala yazimanso. Pa wailesi akuti nduna ina yatchulidwa pa nkhani yozembetsa ndalama za boma, koma ikukana kutula pansi udindo. Nduna yomweyo ikubwera kuno ku Golomoti Loweruka. Ndikaifunsa pamaso pa anthu: ndalama zija zili kuti, nanga magetsi mwakwezeranji? Sindiopa munthu ine.

Lachiwiri
Olonjeza kuimirira nane ndikamafunsa:
a Jere ometa tsitsi,
a Nachisale a pachigayo,
bambo a Tadala, koma iwowa avomera ali ndi chakudya m'kamwa.

Lachitatu
A Jere aterereka. Akuti, "Achemwali, nyumba ndikumeteramoyi ndi ya a tcheyamani achipani." Munthu amene amatukwana boma tsiku lonse lumo lili m'manja!

Lachinayi
A Nachisale nawo akuti mwana wawo akudikira ntchito ya boma. Bambo a Tadala akumbukira kuti Loweruka kuli chiliza ku Mtakataka. Cha ndani, sakudziwa. Zandiwawa, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndifunsa ndekha.

Lachisanu
A tcheyamani alengeza kuti mafunso kulibe. "Amayi, gawo lanu ndi nyimbo basi." Chabwino, alakwa okha. Funso lija ndaliika m'nyimbo, ndaphunzitsa amayi kuseri kwa msika. Aigwira msanga, ena mpaka nthungululu.

Loweruka
Dzuwa lathu lakuchigwali likuotcha, a nduna afika mochedwa. Ndikutsogolera ndine, mawu onse: "Ndalama zija zili kuti, a nduna? Magetsi mwakwezeranji?" Amayi akupolokozera, ng'oma ikulira. A nduna aimirira. Mumtima ndikuti lero ayankha.

Alowa m'bwalo. Akuvina. Akuvina funso langa! Ndisaname, chiuno amadula bwino bambo amenewa. Kenaka ayamba kufupa ovina, ndalama zatsopano zosapindika n'komwe. Ine andisomeka yanga m'duku, nkumati, "Nyimbo yokoma, mayi, mudzaimbenso nthawi ya kampeni."

Ndiye yankho ndi limeneli. Ndalama zija zili kuti? Ina ili pamutu pangapa.

Lamulungu
Ndinafuna kuing'amba, koma ndagulira mayunitsi. Ndi yathu yomwe. Pobwera ku tchalitchi ndapeza magetsi azima kalekale, mafilizesi onse ali madzi okhaokha. Tadala akumwa ndi anzake pakhonde uku akuimba nyimbo ija, akutsanziranso kavinidwe ka a nduna. Fizi yake sindikudziwa ichokera kuti.

A nduna sanatule pansi udindo. Inenso sindinatule. Ndikupeka ndime yachiwiri, yosavinika.